Mafuta a roketi aja olimba ngati labala, sathetheka kukazizira? Amawayeza bwanji?

aphunzitsi_chitakale

Moni nonse abale anga. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka, ndipo ana ndawalonjeza kale kuti ndiwayankha sabata ino, nde chonde amene mukudziwa ndithandizeni.

Ine ndimaphunzitsa Physics ku sekondale ina konkuno ku Mulanje. Sabata yathayi tinakwera phiri ndi ana a kalabu ya sayansi, tinayambira pa Likhubula n'kukagona ku Chambe. Amene munagonako mu Julayi mukudziwa zomwe ndikunena, m'mawa udzu unali mbuu ngati wina wawaza ufa, madzi omwe tinasiya m'beseni panja anali atagwira ayezi pamwamba. Mnyamata wina akuti ataye madziwo beseni linamupulumuka, kugwera pamwala kuchokera m'mawondo mokha basi, koma linachita kuthetheka ngati mphika wadothi, zidutswa zitatu. Beseni lomwelo dzulo lake masana ana ankalikhalira, kulipinda, osasweka ayi.

Apa mpamene mtsikana wina wa Fomu 3 anandipanikiza. Akuti anaonera vidiyo pafoni ya achimwene ake yonena kuti maroketi ena mafuta ake si amadzi ngati petulo, ndi olimba, ukawagwira amamveka ngati labala yofufutira pensulo. Nde akuti aphunzitsi, ngati beseni lasweka ndi chisanu cha pa Chambe chokhachi, nanga mafuta amenewo kumayiko kozizira kuja sang'aluka? Ndipo akang'aluka chimachitika n'chani, amadziwa bwanji asanayatse?

Ndinamuuza chilungamo kuti ndikafufuze kaye. Mwana ameneyu mutu wake umagwira kwambiri ndipo sindikufuna kumupatsa yankho longomuchotsa pamaso.

mose_wa_pa_limbuli

Amang'aluka aphunzitsi, si ija ya ku America inaphulika 1986 ili ndi anthu mkati? Ndinamva kuti kunazizira kwambiri tsiku limenelo mafuta n'kusweka

makaniko_thyolo

Achimwene a ku Limbuli, ngoziyo ndi yoona ndipo chisanu chinalipodi koma chomwe chinalephera si mafuta ayi, inali O-ring, mphete ya labala yotseka polumikiza zitsulo kuti pasadutse kanthu. Nkhani imeneyi ndimaidziwa bwino chifukwa ma O-ring ndi ma silo ndi zomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku, ndakhala pa ntchito ya mashini kufakitale ya tiyi zaka zoposa 20.

Chombocho dzina lake Challenger, chinanyamuka pa 28 Januwale 1986 ku Florida, patangotha masekondi 73 chinaphwasuka m'mwamba, anthu 7 onse anafa, mmodzi mwa iwo anali mphunzitsi ngati inu, mayi Christa McAuliffe. Maroketi awiri a mafuta olimba omwe anali m'mbali mwake sanali chitsulo chimodzi, anali zigawozigawo zolumikiza ngati mapaipi, ndipo polumikizirapo pamakhala ma O-ring awiri, kunenepa kwake ngati mamilimita 7 basi koma kuzungulira chitsulo cha mamita 3.7 m'mimba mwake. Roketi ikayaka pulesha imakankha chitsulo, polumikiza paja pamayasama pang'ono, nde labala imayenera kufufuma pompopompo kutseka mpatawo. M'mawa umenewo kunja kunali madigiri 2, pomwe ulendo wozizira kwambiri m'mbuyomo unali cha pa 12. Labala inali itauma, inachedwa kubwerera, moto n'kupeza podutsa n'kukaboola thanki yaikulu ya mafuta amadzi yomwe inali pakati pa maroketiwo. Mainjiniya ena a kampani yomwe inapanga maroketiwo, monga Roger Boisjoly, anachenjeza usiku wake kuti musanyamuke kukuzizira chonchi, koma mawu awo sanamveke. Chimandipweteka ndi chimenecho, munthu wogwira chinthu ndi manja ake wanena, akuluakulu n'kupitiriza.

Ife kuno timaziona mwapang'ono. Chiperoni ikagwa mu Juni, thirakitala yomwe yagona panja m'mawa imadontha oilo pa silinda, ukaisiya iwothe mphindi khumi oilo atenthe kudontha kuja kumasiya kokha. Silo siinang'ambike, yangouma basi.

Pa kafukufuku wa ngoziyo wasayansi wina Richard Feynman anatenga kachidutswa ka labala yomweyo, kukapana ndi kakilampu, kukaviika m'tambula ya madzi a ayezi anthu onse akuona pa TV, atakamasula kanakhala kophwatalala osabwerera msanga. Zimenezo mutha kuwaonetsa ana m'kalasi, ma O-ring akale ndili nawo ambiri mukawafuna. Koma za mafuta enieniwo ndisanama, abwere odziwa.

nachisale_ndata

Zikomo bambo makaniko mwalongosola bwino kwambiri. Aphunzitsi, ine ndikuphunzira uinjiniya ku MUST kuno ku Ndata ndipo nkhani ya mmene zinthu zimaswekera ndi yomwe ndimaikonda kuposa zonse, nde mundikhululukire ndilemba zambiri.

Mwana wanuyo wafunsa funso lenileni lomwe mainjiniya a maroketi amalimbana nalo. Mafuta olimba aja muwaganizire ngati konkire. Mu konkire muli miyala ndi mchenga, simenti n'kumagwira zonse pamodzi. M'mafutamu "miyala" yake ndi timibulu ta mchere wina wotchedwa ammonium perchlorate womwe umapereka okosijeni, ndi ufa wa aluminiyamu womwe umayaka, ndipo "simenti" yake ndi labala yopanga. Timibuluto ndi tomwe tachuluka kutalitali, labala ndi yochepa, ili ngati kachikopa kopyapyala kokuta m'bulu uliwonse. Maroketi a m'mbali a Space Shuttle, zombo za mtundu wa Challenger ija, labala yake inali yotchedwa PBAN, lililonse linkanyamula matani pafupifupi 500 a mafutawa n'kuwamaliza m'mphindi ziwiri zokha. A Ariane 5 a ku Ulaya anali a HTPB, imeneyi ndi yomwe yafala masiku ano ndipo chifukwa chimodzi n'choti imapirira chisanu.

Pulasitiki ndi labala iliyonse ili ndi malire ake a kuzizira, pa Chingerezi amati glass transition. Pamwamba pa malirewo timaunyolo ta mkati mwake timatha kusuntha, chinthu chimapindika, kutanuka. Pansi pake timaunyoloto timangoti nji, chinthu chimasanduka ngati galasi. Mabeseni ambiri ndi a polypropylene, malire ake ali pafupi ndi madigiri 0, nde beseni lanu pa Chambe linali litafika pamenepo, kuphatikiza mwina dzuwa linali litalidya kale kwa zaka. HTPB malire ake ali kutali, cha m'ma -70 mpaka -80.

Wina atha kunena kuti basitu palibe vuto, ndani akayatse roketi pa -70. Koma vuto limayamba kale usanafike pamenepo, ndipo apa mpomwe pali nkhani.

Mafutawa amathiridwa m'chitsulo ali ngati phala lolimba, n'kuwasiya aume pamalo otentha cha m'ma 50 mpaka 60 kwa masiku angapo, ndipo amamatirira kukhoma la chitsulocho. Pakati amasiya dzenje lotalika kuyambira kumutu mpaka kumchira, moto umayaka m'dzenje mmenemo kupita kunja. Tsopano akamazizira amafuna kukhwinyata, ndipo amakhwinyata pafupifupi kakhumi kuposa chitsulo. Koma agwidwa kukhoma, sangapite kulikonse. Zili ngati dothi lomwe mwazira nalo pakhonde, likamauma limafuna kubwerera koma pansi paligwira, mapeto ake ming'alu. M'roketi kukokana kumeneku kumakathera pakhoma la dzenje lapakati lija, makamaka m'makona ngati dzenjelo analipanga ngati nyenyezi, komanso pomwe mafuta amatirira kuchitsulo. Nde taonani mmene zinthu zimagwirizanirana moipa, kukamazizira kukokako kukukula, nthawi yomweyo mphamvu ya labala yotanuka ikuchepa.

Mng'alu ndi woopsa chifukwa mafutawa amayaka pankhope pokha pomwe moto wakhudza. Chipika chimodzi chimanyeka usiku wonse, koma chipika chomwecho mukachiwaza nkhuni zing'onozing'ono chimalilima n'kutha mphindi zochepa. Mng'alu uliwonse ndi nkhope yatsopano yomwe sanaiwerengere. Moto ukalowamo mpweya wotentha umachuluka kuposa momwe kukamwa kwa roketi kungatulutsire, pulesha imakwera, ndipo mafutawa pulesha ikakwera amayakanso mofulumira, pulesha n'kukweranso, mng'alu uja n'kumang'ambika kupita mkati. Roketi ya mafuta olimba ilibe mpopi woti utseke, ikayaka yayaka. Chitsulo chimaphulika.

Kayezedwe kake nkotere. Pothira mafuta m'roketi amathirako ena padera m'timabokosi, a m'phala lomwelo, n'kuumitsa mofanana. M'menemo amadulamo tizidutswa tooneka ngati fupa lomwe galu amakukuta, kunenepa kumapeto konse pakati powonda. Kachidutswako amakaika m'mashini okoka omwe ali m'kabati yoziziritsa, nthawi zambiri ndi nayitirojeni wamadzi, n'kukasiya nthawi ndithu kuti chisanu chilowe mpaka mkati osati pakhungu pokha. Kenako mashini amakoka mpaka kaduke, kompyuta ikulemba mphamvu yomwe yalowa ndi mmene katalikira. Amabwereza pa 20, pa 0, pa -20, pa -40, kumatsika choncho, sampulo zingapo pa sitepe iliyonse. Pofunda kamatanuka kooneka ndi maso kasanaduke. Pozizira kamalimba kwambiri, mphamvu yofunika kukakoka imakwera, koma kamaduka katangotalika pang'ono. Anthu ambiri amasokonezeka apa, amaona nambala ya mphamvu yakwera n'kumati ndiye kuti zili bwino, pomwe chomwe chimapulumutsa roketi ndi kutanuka kuja.

Chinthu china chomwe amayang'ana, kachidutswa kasanaduke pakati paja pamayamba kuyererako. Kumeneko ndi labala ikusiyana ndi timibulu tija, timabowo ting'onoting'ono tikutseguka mkati. Pozizira zedi timibulu tenitenito timatha kusweka. Akamaliza amaika poduka paja pa maikulosikopu kuti aone ngati yalephera ndi labala, kapena pomatira, kapena mibulu.

Palinso mashini ena otchedwa DMA, amagwedeza kasampulo pang'onopang'ono osakathyola uku kuzizira kukutsika, pomwe kauma mwadzidzidzi mpomwe pali malire aja. Komanso amapanga timaroketi tating'ono toyeserera, kutiziziritsa sitepe ndi sitepe, kutitenthetsa, kutiziziritsanso, n'kumatijambula ndi X-ray kufuna ming'alu. Maroketi a ankhondo omwe amapachikidwa pansi pa phiko la ndege amayenera kupirira kuyambira -54 mpaka 71, chifukwa ndege imachoka pabwalo lotentha n'kukwera kumwamba kozizira kambirimbiri.

Pomaliza penipeni amayatsa roketi yonse itagonekedwa pansi yomangidwa. A NASA anachita zimenezi ku Promontory, Utah, ndi roketi ya m'mbali ya SLS, chombo chawo chachikulu chopita m'mlengalenga. Mu Malichi 2015 anaiyatsa ataitenthetsa kufika madigiri 32, pa 28 Juni 2016 anayatsa ina ataiziziritsa kufika cha pa 4. Kuti chisanu chilowe m'mafuta onse aja zinawatengera masabata, mashini oziziritsa akulira usana ndi usiku, chifukwa labala simalola kutentha kudutsa msanga.

gaidi_likhubula

Ine sukulu sindinapite nayo patali koma zomwe akunena achemwaliwa ndimaziona. Ndakwera Sapitwa kosawerengeka, mamita 3,002, timagona pa Chisepo n'kunyamuka mbandakucha. Nsapato zomwe zakhalitsa m'nyumba osavalidwa ndi zomwe zimachoka soli kumtunda kuja, mlendo amabwera nazo zooneka zatsopano koma akuti anagula zaka zisanu zapitazo, kungoponda pamwala m'mawa soli yonse phwa. Nde funso langa, mafuta amenewo nawonso sakalamba akakhalitsa? Ndipo agogo anga akanati nsima yotentha imatanuka koma mkute umanyenyeka, si zomwezo?

nachisale_ndata

Achimwene mwafunsa bwino zedi, amakalamba ndithu. Labala ija zaka zikamapita imapitiriza kuuma pang'onopang'ono chifukwa cha okosijeni ndi kutentha, chinyontho nachonso chimafooketsa pomwe labala yagwirana ndi timibulu. Roketi yomwe inali bwinobwino pa -40 ili yatsopano itha kukanika patapita zaka khumi. N'chifukwa chake timabokosi tija ena amawasunga, ena amawaika mu uvuni wofunda miyezi ingapo kuti akalambe msanga, kenako n'kuyezanso pozizira. Za mkute, kwa ana chitsanzocho chigwira ntchito chifukwa akuchidziwa, kungoti mu nsima zomwe zimachitika mkati n'zosiyana, sitachi ndi yomwe imadzipanga mwina ikazizira. Aphunzitsi mukachigwiritsa ntchito muwauze kuti n'chofanizira chabe.

aphunzitsi_chitakale

Abale mwandithandiza koopsa, ndawerenga katatu. Dzulo madzulo sindinathe kudikira, ndinapita kwa mayi wina woyandikana nafe wogulitsa mafirizi kukapempha malo mu dipifiriza yake, imafika cha pa -18. Ndinaikamo zinthu zitatu, chingamu chotafuna kale chomwe ndinachiumba ngati kachingwe, kalamba ka legeni kodula ku chubu ya njinga, ndi kachidutswa ka beseni losweka lija poti ndinatsika nalo.

Patatha maola awiri chingamu ndinangochipinda kamodzi, thyo, kumveka ngati ndathyola choko, poduka pake posalala. Kachidutswa ka beseni ndinakagogoda ndi supuni kanathetheka. Koma legeni ayi ndithu, inatuluka yozizira kuwawa m'manja koma kutanuka ngati palibe chachitika. Ndiye kuti malire ake ali pansi kwambiri eti?

Koma chomwe chandidabwitsa ndi ichi. Chingamu chija chitafundako pang'ono m'manja, osati kwambiri, ndinachikoka pang'onopang'ono chinatalika mpaka kufika chigongono. China chofunda chimodzimodzi ndinachikoka mwamphamvu kamodzi n'kamodzi, chinaduka pomwepo osatalika. Kuzizira kofanana, chingamu chofanana. Mwana wanga, izi zikutanthauza chani? Ndikuona ngati pali kanthu apa.

nachisale_ndata

Aphunzitsi mwapeza nokha chinthu chomwe ndinachisiya poopa kutalikitsa, ndipo kwa ine ndi chomwe chili pamtima pa nkhani yonseyi.

Legeni poyamba, eya, labala ya chubu komanso labala yachilengedwe ngati yomwe imachokera ku Vizara ku Nkhata Bay malire ake ali cha m'ma -70, firiji ya mafirizi siingaifikitse. Chingamu malire ake ali pamwamba, n'chifukwa chimafewa mkamwa n'kuuma chikagwa pansi.

Tsopano za liwiro. Timaunyolo ta mu labala timafuna nthawi kuti tisunthe. Mukakoka pang'onopang'ono timapeza mpata womasuka n'kutsatira. Mukakoka mwadzidzidzi sitipeza mpata, timachita ngati tauma. Ndiye kuti kwa labala, kukokedwa mwachangu ndi kuzizira zili ngati chinthu chimodzi. Asayansi atatu, Williams, Landel ndi Ferry, analemba masamu ake mu 1955, ndipo mpaka lero mainjiniya amagwiritsa ntchito masamu amenewo kulumikiza zotsatira za pozizira ndi za pa liwiro kukhala mzere umodzi.

Taganizani tsopano roketi yagona pachisanu usiku wonse, mafuta akokedwa kale ndi kukhwinyata kuja, labala yalimbako. Kenako akuiyatsa. Pulesha imachoka pa ziro kufika pamwamba m'kanthawi kosakwana sekondi, chitsulo chimafufuma pang'ono, dzenje lapakati lija limakankhidwa kuti likule, zonse m'kuphethira kwa diso. Mafuta omwe pa -30 akanatanuka bwinobwino mutawakoka mofatsa, pa liwiro limenelo amachita ngati ali pozizira kwambiri kuposa pamenepo, atha kufika pafupi ndi malire aja ngakhale themomita ikunena kuti muli kutali. Nde labu yomwe yayeza pozizira koma mofatsa yayeza theka la nkhani. Amayenera kukoka pozizira, mwachangu, ndipo ena amayezera m'chipinda cha pulesha chifukwa pulesha imapanikiza timabowo tija kuti tisatseguke msanga ndipo zotsatira zimasintha. O-ring ya Challenger yomwe anena bambo makaniko ija ndi nkhani yomweyi mbali inayo, labala ikanabwerera ikanapatsidwa nthawi, koma inali ndi kachigawo ka sekondi basi.

makaniko_thyolo

Apa ndiye ndamvetsa chifukwa chomwe lamba wa injini amadukira m'mawa poliza osati masana mashini akuyenda. Zaka zonsezi ndimangodziwa kuti m'nyengo yozizira uyambe mofatsa, chifukwa chake sindinkachidziwa. Zikomo mwana wanga. Ndipo chitsulo nachonso chimatero paja, mabuku athu a ku tekiniko ankanena za sitima za pamadzi za Liberty nthawi ya nkhondo yachiwiri, zina zinkang'aluka m'madzi ozizira, ina yamtundu wina yonyamula mafuta yotchedwa Schenectady inathyoka pakati ili chiimire padoko ku Portland mu Januwale 1943.

mose_wa_pa_limbuli

Ndavomera inali O-ring, zikomo pondikonza. Koma aphunzitsi bwanji ana aja osapanga karoketi kawo kakang'ono ka mafuta olimba akaonetse ku chionetsero cha sayansi? Zosakaniza zake sizingapezeke?

aphunzitsi_chitakale

Ayi achimwene, zimenezo ndakana ndipo ndikaniratu pano kuti wina asayesere kunyumba. Ana anga ndimawadziwa, kungowauza kuti n'zotheka mawa wina wataya zala kuseri kwa kalasi. Ndawerengako kuti ngakhale fakitale yopanga mchere uja wa ammonium perchlorate ku Henderson, Nevada, inaphulika pa 4 Meyi 1988, anthu awiri anafa ndipo mazana anavulala, amenewo anali akatswiri okhala ndi zida zonse. Ife tipanga roketi ya botolo la pulasitiki, madzi ndi pampu ya njinga, imauluka bwino ndipo lamulo lachitatu la Newton limaoneka lonse.

Pa funso la mtsikana uja ndakonza chonchi. Lachinayi ndibwereka kula bokosi ya mayi wa mafirizi, tidzaza ayezi wothira mchere kuti titsike pansi pa 0, themomita ya ku labu tili nayo imodzi. Gulu lililonse lilandira zingamu zinayi, ziwiri zozizira ziwiri zofunda, china akoke mofatsa china mwachangu, ayeze ndi rula kutalika komwe chafika chisanaduke alembe pa tebulo. Ndaganizanso zokanda chingamu china ndi mchenga wosefa wa mu Ruo kuti chikhale ngati konkire ija, aone ngati timabowo tija tioneke pochikoka. Mwana wanga wa ku Ndata, mchenga ndithire wochuluka bwanji kuti chisanyenyeke ndisanayambe n'komwe kukoka? Ndipo bambo makaniko ma O-ring aja ndikuwafuna ndithu, Lachitatu ndikhala pa Luchenza cha m'ma 3 koloko, ngati muli ndi kakilampu kakang'ono mundibwerekenso.

nachisale_ndata

Yambani ndi wochepa aphunzitsi, muziwonjezera pang'onopang'ono uku mukukanda mpaka chiyambe kumveka chokhakhala koma chikugwiranabe, mchengawo ukhale wouma bwino, wonyowa sumamatira. Mupange ziwiri, china cha mchenga wochepa china wochuluka, ana aone okha chomwe chiyambe kuduka. Mukajambula tebulo lawolo mulitumize pano ndikufuna ndione manambala awo.